Nsungwi Imene Inkazimitsa Magetsi

Ndine ndinkazimitsa magetsi a pa esiteti chaka chija cha njala. Ndanena poyambirira pomwe kuti apumule aja amene mpaka lero amati zinali zigawenga zochokera kutsidya kwa malire, pamodzi ndi amayi a kumalaini a antchito amene ankalumbira kuti mizimu ya m'phiri yakwiya. Chigawenga chake ndinali ine, Binwelo, mnyamata wa Fomu Firii wong'ambika zidendene, ndipo chida changa chinali nsungwi. Mukafuna kudziwa ngati ndimamva chisoni, chisoni ndimamvera nsungwi ija poti anaithyola. Inali yowongoka bwino.

Novembala

Kusukulu anandichotsa teremu isanafike ndi pakati pomwe. Mlandu unali wa chitedze chimene chinapezeka pampando wa aphunzitsi oyang'anira kogona. Sindinapeze mpata wokana, chifukwa ndinaseka asanandifunse.

Mayi atandiona ndikulowa pakhomo ndi sutikesi pamutu sanakalipe. Anangoyang'ana nkhokwe, kenako n'kuyang'ana ine, nati pakamwa pamene pankadyera kusukulu pabwerera nthawi yolakwika. M'mawa mwake ananditumiza kwa mlongo wawo, amalume a Nakhumwa, amene ankakhala okha m'mwamba m'mbali mwa phiri, kulondera madzi a esiteti ya tiyi. Akuti kumeneko kunalibe munthu woti ndimupusitse, kunali miyala yokhayokha.

Magetsi a pa esiteti ankachokera mumtsinje womwewo umene umadutsa kumudzi kwathu. Kumtunda, pamene madzi amatuluka m'matanthwe, kampani inatchinga mtsinje ndi kadamu ka simenti. Kuchoka padamupo madzi ankayenda mungalande yokhotakhota, ulendo woti munthu amafika thukuta litatuluka, mpaka kugwera m'thanki yaikulu ngati chipinda. M'thankimo ankalowa m'paipi yachitsulo yotsetsereka phiri chamutu mpaka kunyumba ya makina, imene aliyense ankangoti kupawa. Kanyumba ka amalume kanali pambali pa thanki.

Ntchito yawo inali kupalasa masamba pasefa, kutsegula ndi kutseka zitseko zachitsulo za padamu, ndi kuyang'ana pamene madzi afika pamtengo wopaka mizere, n'kuimbira foni kupawa. Foni yake inali yopukusa. Mawu onse a amalume a tsiku lathunthu ankathera m'foni imeneyo, ndipo anali awiri okha: "Ali bwino." Ine ankandilankhula ndi chibwano. Akachiloza ku ndowa, ndiye kuti katunge madzi. Akachiloza ku mkeka, ndiye kuti gona.

Mvula inagwa bwino mwezi umenewo. Ndili pathanthwe la pafupi ndi thanki ndinkaona anthu akubzala m'munsimo, ang'onoang'ono ngati nyerere, mawu awo osandifika.

Disembala

Mtsinje unadzaza, masamba ndi zinyalala zinachuluka pasefa, manja anga anachita matuza. Chimanga kumudzi chinamera mosangalatsa.

Tsiku lina amalume anandituma kupawa kukatenga girisi wopaka pachiwongolero cha chitseko. Ndi m'mene ndinadziwira a Mpulula, mkulu woyang'anira makina, wamfupi, wadazi, wogontha khutu limodzi ndi phokoso la ntchito yake. Iwo anali osiyana ndi amalume ngati mvula ndi dzuwa. Anali ndi nkhani zambiri koma opanda woti amuuze, ndiye atandipeza ine sanandisiye msanga. Dzina anandipatsa pomwepo, loti a Fomu Firii.

Anandionetsa gudumu lokhala ndi tizikho tachitsulo limene madzi a m'paipi ankalimenya, jenereta, ndi kachipangizo ka timipira tiwiri tozungulira kamene ankakatcha gavana. Kameneko kankawonjezera kapena kuchepetsa madzi kokha, malinga ndi kuchuluka kwa nyali ndi makina amene ayatsidwa. Pakhoma panali mawotchi a singano, ina yoonetsa mphamvu ya magetsi, ina yoonetsa kulemera kwa madzi m'paipi. Pamwamba pa zonsezo panali belu.

Belu limenelo, anatero a Mpulula, ndiye bwana wawo weniweni. M'thanki mwathu muja munkayandama chigubu chamkuwa chomangidwa ku tcheni. Madzi akatsika, chigubu chinkatsika nawo, n'kukoka kachitsulo kamene kankagunditsa mawaya awiri, belu n'kulira kupawa. Madzi akati atsike mpaka kukamwa kwa paipi, mpweya ungalowe, paipi n'kuyamba kudzimenya yokha mpaka kung'ambika. Choncho lamulo la bwana injiniya linali lakuti belu likalira osafunsa mafunso, kungoyamba kuchepetsa katundu. Maswitchi anali pamzere. Yoyamba kugwa inali ya chigayo, kenako nyali za kusitolo ndi kumsewu, kenako nyumba za akalaliki, kenako nyumba za azungu. Belu likapitirizabe, ndiye fakitale.

Ndinafunsa za kumalaini, kumene kunkakhala othyola tiyi. A Mpulula anaseka mpaka kutsokomola. "A Fomu Firii, mungazimitse bwanji nyali yoti sinayakepo?"

Januwale

Mvula inachoka sabata yoyamba, osatsanzika. M'mawa mitambo inkaunjikana pamutu pa phiri ngati ikufuna kuchita kanthu, dzuwa likakwera n'kubalalika. Chimanga chinali chitafika m'chiuno. Chinayamba kupota masamba masana n'kumatambasula usiku, kenako chinaleka kutambasula.

Tiyi naye anauma nsonga, kampani n'kuyamba kuchotsa aganyu. Otsala ankagwira ntchito ndi mantha, chifukwa chimene chinkasunga munthu sichinali malipiro ayi, koma phoso la Loweruka: ufa, nyemba ndi kamchere. Phoso la amalume ndinkakatenga ndine. Gawo lalikulu ndinkakasiya kwa mayi ndi azing'ono anga awiri, lotsalalo n'kukwera nalo kuphiri.

Mawu oti njala sankatchulidwa. Pamsonkhano wa chipani anatiuza kuti m'dziko muno aliyense ndi wokhuta, ndipo wonena zina ndi wosokoneza. Ndiye anthu ankangoti "nyengoyi." Wawonda bwanji? Nyengoyi. Mbuzi zija zili kuti? Nyengoyi. Kumsika wa boma pa Chitakale anthu ankagona pamzere, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwezedwa ndi anyamata a malaya ofiira asanaone n'komwe thumba. Kwa ogulitsa apadera mtengo unkasintha munthu ali pamzere pomwepo, ndipo mbale yoyezera anali ataikhoma kunsi kuti ilowe m'kati. Unkalipira mbale, n'kulandira chivindikiro.

Mwezi womwewo waya wa foni unabedwa. Anthu anaudula n'kukapangira misampha ya mbira ndi akalulu m'phiri. Kampani inati idzaika wina, koma sinaike. Waya wa belu unapulumuka chifukwa unkayenda m'kapaipi kokwiriridwa. Amalume anataya mawu awo awiri aja, m'nyumba mwathu munangotsala kulira kwa madzi.

Ndiyenera kunena za kusungulumwa kwa kumeneko, chifukwa ndi kumene kunabala zonse. Kale otola nkhuni ankapatukira kwathu kudzapempha moto kapena madzi akumwa. Nyengoyi itafika analeka. Mlendo anasanduka pakamwa, ndipo munthu waulemu sankafika pakhomo pa mnzake kuopa kupezerera chakudya. Ndinkatha masiku osamva dzina langa. Ndinayamba kulankhula ndi abuluzi m'Chingerezi kuti ndisachiiwale. Dzuwa likapendeka amalume ankanyamula chopalasira n'kupita kudamu, osabwera mpaka mdima, ine n'kutsala pathanthwe kuonerera nyali za pa esiteti zikuyaka imodziimodzi m'nyumba za anthu amene sankadziwa kuti ndilipo.

Madzulo ena ndinaona chule atakhala pachigubu chija, wonenepa, wodzimva, m'chaka choti tonse tinali nthiti zokhazokha. Zinandinyansa. Ndinatenga nsungwi yokolera zinyalala kuti ndimumize. Chule anadumpha, koma ine ndinapitiriza kukanikiza chigubu pansi pa madzi, kungofuna kuona ngati chingabwerere. Nditatukula maso, nyali za kusitolo zinali zitazima.

Ndinagwirabe. Mzere wa nyumba za akalaliki unazima. Ndinasiya nsungwi, chigubu chinabwerera pamwamba, ndipo patapita kanthawi nyali zinayakanso, kuyambira za akalaliki kumalizira za kusitolo.

Ndinaseka ndekha mpaka m'mimba kupweteka. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kusukulu, ndinali nditalankhula ndipo wina anandiyankha.

Febuluwale

Sindinkachita tsiku lililonse. Mphunzitsi wabwino sapereka mayeso tsiku limene ana akuwayembekezera. Ndinaphunzira mayendedwe a dzanja la a Mpulula: ndikagwira nsungwi kwa ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, kusitolo kunkada. Ndime yachiwiri inkatenga akalaliki. Yachitatu inkafika kwa azungu, agalu awo n'kuyamba kuuwa, mawu okha a pa esiteti amene ankakwera mpaka kwathu. Fakitale sindinaikhudzepo. Ndine wopulupudza, koma osati chitsiru. M'fakitale ndi mmene munkachokera phoso.

Chokoma kwambiri chinali Loweruka pamzere wa phoso, kumva zimene anthu apeka. Ena ankati kuli anthu a mfuti amene akubisala m'phiri. Ena ankati kampani inaiwala kuthira nsembe pomanga damu. Mayi wina anati anaona chinjoka chikumwa madzi m'ngalande. Ine ndinkagwedeza mutu mwaulemu, n'kuwonjezera kuti chinjokacho ndinachionanso, chili ndi ndevu. Sabata yotsatira ndevuzo ndinazimva zitatalika mpaka pansi.

Kumudzi zinthu zinali zitafika poipa. Oyandikana nafe anasasula malata n'kukasinthitsa ndi makaka a chinangwa. Mabanja ena anawoloka Muloza, mtsinje wa m'malire, kukalima ganyu yolipidwa chinangwa. Kalongonda, nyemba zaululu zija, amene amafuna kuphikidwa tsiku lonse n'kumataya madzi ake kangapo, anthu ankamuphula msanga chifukwa ana akulira, ndipo mkulu wina wa kuseri kwa tchalitchi anagona osadzuka. Pamaliro anati anali malungo.

Koma kunali chinthu chimodzi chobiriwira. Chimanga cha m'minda chitafa, amayi a m'mudzi mwathu anabzala china m'madimba m'mphepete mwa mtsinje, ndipo chinkakula. Zinandidabwitsa, poti ndinkadziwa kuti madzi onse otsala mumtsinje ankalowa m'ngalande ya kampani, ndipo akachoka kupawa ankagwera m'khwawa lina, kutali ndi kwathu. Masana mtsinje wa kumudzi unali mchenga. Koma mchengawo unali wonyowa. Nditafunsa mayi, anandiuza kuti mwana wa sukulu azifunsa mafunso kusukulu.

Ndiye tsiku lina m'malo mokhala pathanthwe ndinawatsatira amalume chapatali. Atafika kudamu anapalasa masamba monga mwa nthawi zonse. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kupita pa kachitseko kapansi kotulutsira mchenga, kamene kankayenera kukhala kotseka mpaka mvula ya chaka china. Anapukusa chiwongolero pang'ono. Madzi anatuluka kunsi kwake, ochepa ngati a m'mpopi, n'kutsata kamfuleni kokumbidwa ndi manja m'kati mwa mchenga, kulowera kumudzi. Usiku fakitale sinkafuna mphamvu zambiri, ndiye thanki sinkazindikira. Kusanache ankapita kukatseka.

Atatembenuka anandiona. Tinayang'anizana. Anandiloza ndi chibwano njira yobwerera kunyumba, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mwina mukuganiza kuti nsungwi ndinaisiya tsiku limenelo. Ayi. Ndinaganiza kuti aliyense m'nyumba mwathu ali ndi chake chimene amachita madzulo, ndipo tisalowererane.

Malichi

Lamulungu lina masana tinamva munthu akutsokomola m'njira ya m'mbali mwa paipi. Anali a Mpulula, mlendo wathu woyamba chiyambireni chaka. Anabwera ndi chinangwa chawo chophika m'thumba la jekete kuti tisavutike, ndipo anachidula patatu.

Anayamba ndi nkhani zina, za bondo lawo, za mtengo wa fodya. Kenako anati bwana injiniya watopa ndi belu. Akuganiza kuti madzi akumatsika madzulo chifukwa wina akuwapatutsa kumtunda. A Matewere, kalaliki wamkulu amenenso anali wapampando wa chipani pa esiteti, wotchedwa achalimani, akuti ndi ntchito ya osokoneza ndipo akufuna dzina loti akapereke kuboma. Lachiwiri madzulo abwera onse awiri, adzayambira pathanki, n'kutsata ngalande mpaka kudamu.

Amalume anasiya kutafuna. Ine ndinaona zimene ankaona iwo. Kutseka kachitseko kaja sikukanabisa kanthu. Kamfuleni kanali pomwepo, mchenga wonyowa unali pomwepo, ndipo munthu woima padamu akayang'ana kumunsi ankaona madimba obiriwira ngati nsalu yatsopano pakati pa dziko lofiira. Ntchito ikanatha, phoso likanatha, madzi akanatsekedwa chimanga chili pa ngaiyaye. Za kumene a Matewere akanawatumiza amalume, palibe ankafuna kuziganiza.

Potsanzika a Mpulula anandipempha kuti ndiwaperekeze. Titafika pathanki anaima, nayang'ana chigubu, nayang'ana nsungwi itatsamira khoma.

"A Fomu Firii, kusukulu kwanu anakuphunzitsani kuti madzi akachepa m'paipi singano imatani?"

"Imatsika."

"Eya. Yanga ija situtumuka n'komwe. Belu likulira, iyo ili chiimire ngati msilikali."

Ndinafunsa chifukwa chimene ankazimitsirabe nyali ngati ankadziwa. Anati lamulo ndi lamulo, belu likalira safunsa mafunso. Atayenda pang'ono anatembenuka, nati komanso madzulo kupawa kumatalika, munthu amafuna kudziwa kuti kumtunda kudakali wamoyo.

Usiku umenewo ndi wotsatira amalume anapitabe kudamu. Chimanga sichidziwa za Lachiwiri.

Tsikulo litafika amalume anavala malaya awo a kutchalitchi kuyambira masana, nakhala pakhomo manja ali pamaondo. Ine ndinasamba, ndinapesa tsitsi, ndinavala malaya a yunifolomu ya kusukulu amene anali atayamba kundikhwepa. Dzuwa litagwera kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ndinawaona akukwera: bwana injiniya patsogolo, mzungu wamtali wofiira khosi, pambuyo pake anyamata awiri a malaya ofiira, ndipo kumbuyo kwenikweni a Matewere, munthu yekhayo pa esiteti amene nyengoyi inamulambalala, akukoka mimba ndi kupuma ngati ng'ombe yapangolo.

Ndinakwera pakhoma la thanki ndi nsungwi yanga. Ndinadikira mpaka atafika poti andione bwinobwino, nyali za m'munsi zitayamba kuyaka. Ndinawapatsa moni wa Chingerezi chonse chimene ndinasungira abuluzi, kenako ndinati:

"Bwana, musavutike kupita kudamu, n'kutali. Sankhani nyumba."

Palibe anasankha. Ndiye ndinasankha ndekha. Ndinamiza chigubu n'kuyamba kuimba ndime yoyamba, mokweza, ndi mawu a kwaya. Kusitolo kunada. Ndinalowa ndime yachiwiri ndikuwayang'ana a Matewere, amene anali atagwira mtengo kuti apezeko mpweya.

"Inayo ndi yanu, achalimani, ya mpanda wa maluwa ija? Taonani bwino."

Inazima. A Mpulula sanachedwe ndi kamphindi komwe, ngati tinapangana.

Mmodzi wa anyamata aja anaseka, n'kusandutsa chisekocho chifuwa. Bwana injiniya anandilanda nsungwi, namiza nayo chigubu yekha, nayang'ana kumunsi, naisiya, nayang'ananso. Anachita zimenezi kawiri. Khosi lake linafiira kuposa kale. Anandifunsa kuti ndakhala ndikuchita izi kuyambira liti, ndipo ndinamuuza zonse mosabisa, ngakhale za chule. Ndinawonjezera kuti chigubu chotere n'chosavuta kupusitsa, ndipo ndikanakhala ine ndikanachiikira chotchinga. Apo ndi pamene anathyola nsungwi yanga pabondo.

A Matewere atapeza mawu anati uyu ndiye wosokoneza amene ankamunena, apite kuboma usiku womwewo. Anafunsa amene wandituma. Ndinati chule.

Sindinawaone amalume akudzuka. Ndinangomva khofi kukhutu, lamphamvu moti ndinagwera m'thanki. Chibadwire anali asanandimenyepo. Ndikutuluka m'madzi ndinawamva akulankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva chifikireni. Ankati mwana uyu ndi wopusa chibadwire, kusukulu anam'thamangitsa chifukwa cha chitedze, mlongo wawo anam'taya kuno atatopa naye, ndipo ngati boma likufuna kudyetsa chitsiru chaulere m'nyengo ino, alitenge. Anagwada pamaso pa a Matewere, chipewa chili m'manja.

Nkhani ya chitedze inathandiza. Ngakhale a Matewere anaona kuti kukapereka kuboma chigawenga chonyowa, cha yunifolomu ya sukulu, chimene chatumidwa ndi chule, kukanawasandutsa nthabwala. Bwana injiniya anati vuto lapezeka, ndi la kampani, ndipo kampani ilanga yokha. Anayang'ana njira ya m'mbali mwa ngalande yopita kudamu, yopapatiza, mdima ukuyamba. Anayang'ana a Matewere. A Matewere anayang'ana mapazi awo. Anatsika onse.

Titatsala awiri amalume anandiponyera chiguduli choti ndidzipukutire. Anavula malaya a kutchalitchi, anawapinda, ananyamula chopalasira. Pakhomo anaima pang'ono.

"Khutulo likumva?"

"Likumva."

"Ndime yachiwiri ija unaiphonya mawu."

Anapita kudamu.

Epulo

Chilango chinabwera patatu. Choyamba, zikoti ku ofesi, pamaso pa akalaliki onse amene ndinawadyetsa mumdima. Kapitawo amene anapatsidwa ntchitoyo anali atadya phala lokha, ndiye dzanja linamuthera msanga, koma ndinakuwa mokwanira kuti asachite manyazi. Ndinagona chafufumimba masiku angapo. Sizinandivute, pamimba panali posalala kale.

Chachiwiri, a Matewere anandilamula kuchotsa matope m'ngalande yonse, kuyambira pathanki mpaka kudamu, ndekha, popanda malipiro, mpaka anthu atakolola. Chimene a Matewere anaiwala n'chakuti pa esiteti aliyense wogwira fosholo ya kampani amalembedwa pa chakudya cha masana. Ndiye chigawenga chija chinayamba kulandira chikho cha nyemba tsiku lililonse, m'chaka chimene anthu osalakwa ankadya mitu ya nthochi. Ndinanenepa masaya. Komanso poti ndinali m'ngalande tsiku lonse, bwana injiniya sanaonenso chifukwa chotumizira munthu wina kumtunda. Akafuna kudziwa za kudamu ankafunsa kapitawo, kapitawo ankafunsa ine pokatenga nyemba, ine ndinkati kuli bwino.

Mvula ina yochedwa inawaza pakati pa mwezi, yosathandiza m'minda koma yokwanira kudzutsa mtsinje. Chimanga cha m'madimba chinakhwima. Loweruka lina mayi anandipatsa zimanga zinayi zowotcha, zokulunga m'masamba a nthochi, kuti ndikapatse amalume. Anandiyang'ana khutu lija, nati amva kuti ndinaimba bwino. Amalume anadya chimodzi, anandipatsa chimodzi, ziwiri n'kundiloza nazo ndi chibwano kumunsi, kupawa.

Chachitatu ndicho chinandiwawa pang'ono. Bwana injiniya anamvera malangizo anga. Anatumiza amisiri kudzamanga khola la sefa yachitsulo pamwamba pa chigubu, ndi loko wamkulu ngati wa kusitolo. Sanandithokoze n'komwe.

Madzulo ndinkachoka m'ngalande matope mpaka m'mawondo, amalume n'kumapita kudamu, ine n'kukhala pathanthwe langa. Nyali zinkayaka imodziimodzi, n'kukhala choyaka. Kusitolo, kwa akalaliki, kwa azungu, zonse zili phee ngati sizinandidziwepo. Ndinabwerera kwa abuluzi.

Nditakapereka chimanga chija, a Mpulula anadandaula kuti masiku ano belu langokhala ngati lafa, mpaka nthawi zina amaligogoda ndi sipanala kuti aone ngati lidakalipo. Anandifunsa ngati khola lija ndi lolimba. Ndinati ndi lolimba kwambiri, amisiri anagwira ntchito. Anagwedeza mutu mwachisoni, nati n'zabwino, lamulo ndi lamulo.

Sindinawauze kuti mabowo a sefa ija ndinali nditawayeza kale ndi chala. Nsungwi siingalowe, n'zoona. Koma kudamu kuja, pamene ndinkamalizira chilango changa, kumamera bango lowonda, lalitali, lowongoka bwino. Ndinadula limodzi n'kulibisa kudenga, kudikira kuti mayi amalize kukolola.